Kadontho Kofiira

Fumbi la Okutobala lalowa mpaka m'bokosi la zipolopolo.
Kuno ku Nchalo dzuwa silituluka, limachita kugwa pamutu,
ndipo a Semba, osunga mfuti za kampani,
ayala timagalasi tiwiri pathebulo lachitsulo lotentha ngati chiwaya.
Akuti, Jofilisi, maso ako ayamba kukana tinyanga tapamfuti,
zaka makumi anayi si masewera.
Sankha kamodzi, tikumangire pa pisitolo yako.
Aka nkafili, aka nkasikisi.

Ndasuzumira koyamba.
Kadontho kake ndi njere ya mapira
yogwera m'magazi.
Ndikaloza chandamale patsinde pa mlambe, sikakhazikika,
kakuvina, kakuyenda uku ndi uku,
kakuulula zimene ndimabisira anzanga onse:
kuti dzanja langa limanjenjemera,
kuti mtima wanga umagunda mpaka kunsonga kwa chala.
Ndatembenukira kumene mzimbe wapsa dzulo,
kuwala kwa masana kwakameza,
ndakafunafuna ngati singano m'mankhusu.

Ndasuzumira kachiwiri.
Ili ndi sau lakupsa, lonenepa, lofatsa,
diso silivutika, limangolipeza.
A Semba akuti, ambiri oyamba amatenga kameneka.
Pisitolo ndi ya pafupi, mphwanga,
mbava ikakutulukira pamphuno ndi chikwanje
ulibe nthawi yosakasaka njere.
Sakunama.
Ndabwerera m'mbuyo mapazi makumi asanu,
ndalozanso.
Mutu wa munthu wojambulidwa papepala uja wasowa,
sau lauphimba wonse,
latsala ndi mapewa basi.

Pamenepo ndaitsitsa mfuti.

A Semba sadziwa za usiku uja wa chaka cha madzi osefukira,
pamene Shire adameza chimanga cha anthu kutsidya
ndipo njala inkawoloka pa bwato.
Ndinali ndekha kumunda wa nambala naini,
udzudzu ukulira m'makutu,
ndinamva khwaa, khwaa, chikwanje chikudya mzimbe.
Ndinaloza mumdimamo, chala chili pomwe chimayenera kukhala.
Mwezi unang'amba mtambo pang'ono chabe,
ndinaona khutu lopindika, longa la malemu mlamu wanga.
Anali Zuze, mwana wa mlongo wanga,
mizimbe itatu pakhwapa, miyendo ngati mabango.
Khutu lokhalo ndilo lidamuombola.
Lero ali ndi ana awiri, amapalasa kabaza ku Ngabu,
akandiona amandikweza ulere,
sadziwa chifukwa chimene ndimayang'anira khutu lake njira yonse.

Ndiye ndikuti, a Semba, mangani kakang'onoko.
Akupukusa mutu, akupukuta thukuta ndi chipewa.
Akuti, kadzakuchedwetsa.
Ndikuti, eya.
Akuti, masana kadzakuthawa, uzidzakweza kuwala,
batire idzatha msanga, ndipo kuno sagulitsa, mpaka ku Blantyre.
Ndikuti, ndidzatuma wa minibasi.
Akuti, nanga kunjenjemerako?
Ndikuti, nkwanga, ndikuoneko.

Atenga kasipanala kopyapyala ngati munga wa mthethe,
akupota tizitsulo tiwiri, osalankhulanso.
Kunja nyenje zikulira ngati waya wamagetsi,
thirakitala ikudutsa ndi mzimbe wakuda,
ana akuithamangira kuti atole wogwa.

Madzulo ndaombera zipolopolo khumi.
Zinayi zalowa, zitatu zapsepsa m'mbali,
zina zakalima fumbi kuseri kwa chulu.
A Semba alemba m'buku lawo, sananene kanthu,
angondipatsa kansalu kopukutira galasi.

Ndikupita kunyumba pa njinga, mfuti ndaisiya m'kabati mwawo.
Ndikatsinzina ndikukaonabe kadonthoko,
kakusewera mkati mwa chikope,
kakang'ono ndithu,
kosakwana kuphimba nkhope ya munthu.